Dzanja la a Lumo ndi Mutu wa Mkamwini

A Lumo anayamba kumeta anthu ndevu zawo zisanamere. Dzina lenileni anali nalo, koma linafa kalekale, moti ngakhale mayi akunyumba akapsa mtima ankangokuwa kuti, "Inu a Lumo inu!" Kashopu kawo kanali kachipinda kamodzi, kopanikizika pakati pa telala ndi malo okonzera mainjini a maboti. M'katimo munali mpando wachitsulo wa mwendo umodzi waufupi, umene anauchirikiza ndi chidutswa cha tayala, galasi long'aluka pakona, shelefu ya masizasi ndi zipeso, ndi batire la galimoto loyendetsera makina ometera. Pakhomo pankamveka fungo la mafuta a injini losakanikirana ndi la sipiriti wopukutira mitu.

Zina zonse mukhoza kuwanena, koma pa ntchito ayi. Mutu akaugwira a Lumo, mzere wa pamphumi unkawongoka ngati wayezedwa ndi chingwe cha womanga nyumba. Msodzi ankalowa ngati chitsamba, n'kutuluka mkazi wake yemwe osamuzindikira. Iwo eniake sankayang'ana munthu kumaso akamapereka moni, ankamuyang'ana kumutu, ndipo ukawaona akupukusa mutu mumsewu unkadziwa kuti apezana ndi ntchito ya wometa wina.

Vuto linali dzanja. Dzanja la a Lumo silinkadzuka limodzi ndi mwini wake. M'mawa linkanjenjemera moti chipeso chinkalira pa sizasi, mpaka atapisa kuseri kwa galasi, kutulutsa kabotolo, n'kumeza kamodzi. Pamenepo dzanja linkakhala phee.

"Aka ndi ka dzanja, si ka mutu," ankatero kwa aliyense wokhala pampando.

Komatu ka dzanja lamanja kankaitana ka dzanja lamanzere. Dzuwa likafika paliwombo pankafunikanso ka msana, ndipo poweruka a Lumo ankauyenda msewu wonse, mbali iyi ndi iyo, ngati akuuyeza m'lifupi. Zinayamba ndi kadontho kamodzi bambo wawo atamwalira, zinakula pang'onopang'ono popanda wozindikira, ndipo pofika nthawi imene tikunenayi anali atamwa njinga, wailesi, ndi ulemu wambiri wa pakhomo pawo.

Pa ukwati wa mwana wawo woyamba anachita zoti anthu amakambabe. Atapatsidwa maiki kuti athokoze alendo, anayang'ana akuchimuna onse mmodzimmodzi n'kuyamba kufotokoza mmene mutu wa aliyense unametedwera molakwika. Atafika pa bambo a mkwati anapempha dzina la wowametayo kuti akam'mangitse. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma mkwatibwi analira tsiku lonse, ndipo mng'ono wake, mzime wa a Lumo, sanaseke ngakhale pang'ono.

Mzimeyu ndiye anali mtima wa bambo ake. Anakulira m'kashopumo, akusesa tsitsi ndi kugwirira anthu kagalasi koonera kunkhongo. Atakula anapita kutauni kukagwira ntchito m'sitolo ya nsalu. Tsiku lina anatulukira m'mawa, n'kukhala pa benchi ya odikira, chikwama chili pamiyendo.

"Ababa, ukwati ulipo. Ndi aphunzitsi a pasukulu pano aja."

"Amene amapesa kumanzere aja? Mutu wawo ndi wabwino, ndimaudziwa."

"Omwewo. Koma wondiperekeza m'tchalitchi ndapempha amalume."

A Lumo anaika sizasi pansi. "Amalume ako amene amametedwa ndi mkazi wawo pakhonde aja?"

"Omwewo. Samwa."

"Ndisiya, mwanawe. Lero lomwe."

"Munasiya utatha ukwati wa achemwali. Munasiyanso amayi atagonekedwa kuchipatala. Mumangotafuna masamba a gwafa kuti tisamve fungo, ife n'kumakuyamikirani. Ine mphuno yanga ndinasiya kuikhulupirira." Anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa. "Mukasiya zenizeni, mudzandigwira dzanja ndinu. Mukamwa, ngakhale ka dzanja kaja, nyimbo mudzazimvera panja."

Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinawawa. A Lumo anatsala akuyang'ana pagalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona nkhope, osati tsitsi. Anachita mantha kwambiri.

Pachipatala chaching'ono cha m'mudzimo panali anesi ena aafupi, a mawu aakulu kuposa thupi, amene anayambitsa gulu la ofuna kusiya mowa, chamba ndi mapiritsi oledzeretsa. A Lumo anapitako akunamizira chifuwa. Anesi anawamvetsera akutsokomola chifuwa chopekacho mpaka chinatha chokha.

"Mwatha? Tsopano tambasulani manja."

Manja ananena zonse. Anesi anawagoneka pabedi la pakona n'kuwauza kuti mowa wa zaka zonsezo suusiya wekha kunyumba ngati ukuvula malaya, ukhoza kukugwetsa. Anawapatsa mankhwala amene adokotala analemba, n'kumawayang'anira. Masiku oyambawo sitiwaseka. Munthu wamkulu anatuluka thukuta, anasanza, analira kuitana mayi ake amene anafa kalekale. Mkazi wawo anakhala pambali osachokapo, akuwapukuta kumaso.

Atadzuka anawalowetsa m'gulu. Gululo linkakumana m'mawa m'chipinda chakumbuyo, chosungiramo makatoni ndi sikelo yowonongeka, ndipo lamulo lake lalikulu linali chinsinsi.

"Zokambidwa muno zimatsala muno," ankatero anesi. "Ndipo amene mwamuona muno simunamuone."

Chinsinsicho anesi ankachisamala ngati dzira. Anthu ankalowera kumbuyo, pa mpanda wothyoka pafupi ndi mtengo wa papaya, aliyense nthawi yakeyake. Kalipentala ankabwera ndi hamala ngati waitanidwa kudzakhoma chitseko. Makaniko wa mainjini, amene chamba ndi mapiritsi zinatsala pang'ono kumusandutsa wamisala, ankatsimphina dala kuti azioneka wodwala mwendo, kungoti ankaiwala kuti dzulo unali mwendo uti. Mlonda wa pamsika ankangoti wabwera kudzaona nthawi. A Lumo atalowa koyamba anapeza kuti mitu yonse m'chipindamo ankaidziwa, ndipo manyazi anachepako.

Chimene sichinachepe ndi kunjenjemera. Atatsegulanso kashopu, msodzi woyamba kukhala pampando anaona sizasi ikubwera movina cha kukhutu kwake, anadzuka nsalu ili m'khosi n'kuthawa nayo. Mbiri inafala, benchi ya odikira inasanduka pogona mphaka wa telala. A Lumo anakanena m'gulu misozi ili lengelenge.

"Anesi, dzanja langa linali mowa. Mowa wachoka, dzanja lapita nawo. Ndizikhala ndani ine popanda kumeta?"

"Dzanja lilipo," anayankha anesi. "Kunjenjemerako kuzichepa, koma liyenera kuphunziranso ntchito popanda mnzake uja. Ndipo munthu wongokhala amamva ludzu. Muzimeta."

"Ndizimeta ndani? Mphaka?"

Anesi anayang'ana chipinda chonse mozungulira. Abambo aja anayamba kuyang'ana kudenga mmodzimmodzi.

"Mitu si iyi?"

Mayi wanzeru ngati ameneyu, amene anaganizira mpanda wothyoka ndi mtengo wa papaya, sanaganizire kuti mutu munthu amayenda nawo mumsewu.

Woyamba anali Kalipentala. Anakhala pampando atatsinzina, akupemphera chamumtima. Makina analowa bwinobwino kunkhongo, kenaka dzanja linadumpha, n'kusiya chigamba choyera pamwamba pa khutu. A Lumo poyesa kufananiza mbali inayo analakwitsanso, ndipo pomaliza mutu wa Kalipentala unali ngati dimba lopalasidwa ndi nkhuku. Makaniko anatuluka ndi mzere wa pamphumi wotsetsereka ngati njira yopita kudooko. Mlonda, amene tsitsi lake linali lochepa kale, anataya ndi lotsalalo mbali imodzi. Palibe anadandaula. Aliyense anadziyang'ana pagalasi n'kunena kuti, "Zili bwino, achimwene, mawa zikhala bwino kuposa apa."

Amayi a pamjigo sanachedwe kuwerenga. Anaona Kalipentala akudutsa ndi zigamba, kenaka Makaniko, kenaka Mlonda, ndipo mmodzi anatula ndowa pansi.

"Anthuni, munthu wabwinobwino angapereke mutu kwa a Lumo masiku ano? Amenewa ndi a kuseri kwa chipatala!"

Pofika masana mudzi wonse unali utadziwa. Mpanda wothyoka unakhala wopanda ntchito, Makaniko anasiya kutsimphina. Choopsa chinachitika Lamulungu, pamene mkulu wa mpingo, munthu amene ankadzudzula zidakwa ndi mawu ogwedeza malata, anavula chipewa pakhomo la tchalitchi. Pamwamba pa khutu lake panali chigamba chachikulu ngati chikhatho cha mwana. Kwaya inasokoneza nyimbo. Iye anayenda mpaka kutsogolo, khosi lili chilili, ndipo tsiku limenelo analalikira mwachidule ndi mofatsa kuposa kale lonse.

Anesi atamva anagwira mutu wawo. "Ine ndi amene ndaulula! Ine ndemwe!" Anapepesa gulu lonse, akuyembekeza kuti m'mawa mwake apeza chipinda chopanda munthu. Koma onse anabwera, ndipo analowera khomo lakutsogolo. Kalipentala anati kubisala kunkamutopetsa kuposa kusiya mowa, ndiponso kuyambira tsiku la zigamba mkazi wake anayamba kumuikira madzi osamba otentha.

Madzi otenthawo ndi amene anabweretsa chidakwa china chotchuka, chopalasa bwato, chimene chinalibe maganizo osiya ngakhale pang'ono. Chinalowa m'kashopu chikununkha, n'kunong'ona.

"A Lumo, mundimete mwa kuchipatala muja. Kachigamba kamodzi kokha apa, kuti mayi akunyumba aone kuti ndayamba kusintha."

A Lumo anatupa ngati finye. "Iwe, ukuyesa ndimachita dala? Ine kuwononga mutu wa munthu mwadala? Ndingalole kudula dzanjali! Zigamba zimenezi anzako amazilandira ndi ulemu, si zogula. Tuluka!"

Anthu a pa telala anamva zonse, ndipo zinadziwika kuti chigamba cha a Lumo sichinama.

Milungu inapita. Dzanja linayamba kukumbukira, zigamba zinayamba kuchepa, ndipo amayi a pamjigo ankapereka lipoti kuposa anesi. "Akuchira a Lumo, Mlonda watsala ndi kachigamba kamodzi kokha." Asodzi olimba mtima anayamba kubwerera. Kungoti dzanjalo linali ndi khalidwe lake. Mtima ukakhala m'malo linkagwira ntchito yooneka, koma a Lumo akangoda nkhawa linkayambiranso gule wake. Mzime ankamva zonsezi pafoni kwa amayi ake, yankho lake n'kukhala limodzi: "Tidzaona." Amalume anali atasoketsa kale jekete.

Ukwati utatsala tsiku limodzi, a Lumo anatsegula kashopu m'mawa mtima uli m'mwamba. Mzime anali atafika, koma anatsekeredwa kwa azakhali ake ndi omuluka tsitsi, ndipo anali asananene kuti amuperekeza ndani. A Lumo ankapemphera chinthu chimodzi, kuti mkamwini akametetse kwina kulikonse. Asanamalize n'komwe kusesa, anamva kugogoda.

"Odi, bambo."

Anali mphunzitsi uja, mnyamata waulemu wosatha kukweza mawu ngakhale m'kalasi, tsitsi lake atalisunga mwezi wonse kudikira tsikuli.

"Aphunzitsi, kutauni ometa atha?"

"Alipo, bambo. Koma ndikanayenda bwanji mawa pamaso panu ndi mutu wometedwa ndi munthu wina?"

Yankho linali labwino, koma mawu ake ankanjenjemera, ndipo dzanja la a Lumo litamva linayamba kuyankha. Anamufunditsa nsalu, pini yomangira inagwa. Anatola chipeso, chinagwanso. Makina atawayatsa ankalumpha m'manja ngati nsomba yongovuulidwa kumene.

Wopalasa bwato uja anali atatsamira pazenera, akuonerera. Sanali munthu wosunga mangawa. Anapisa m'thumba, n'kuika kabotolo pashelefu, pakati pa sizasi ndi zipeso.

"A Lumo, musawononge mwana wa eni. Ka dzanja kokha. Ukwati ndi mawa, fungo likhala litatha. Adziwa ndani? Aphunzitsi sanganene, mutu ndi wawo."

Ananena zoona, ndipo a Lumo anadziwa kuti ndi zoona. Kamodzi kokha, dzanja likanakhala phee, mkamwini akanalowa m'tchalitchi ndi mutu woti anthu aujambule, masamba a gwafa akanamaliza zotsalazo. Anatenga kabotoloko. Kanali kofunda ndi kutentha kwa m'thumba, ndipo kukhosi kwawo kunauma gwaa. Anayang'ana pagalasi n'kupeza mkamwini akuwayang'ana, maso ali tong'o. Mnyamatayo akanati "imwani" kapena "musamwe" zikanapepuka, koma anangokhala chete.

A Lumo anakweza nsalu ija, n'kuika kabotolo m'manja mwa mkamwini.

"Gwirani ichi. Musandipatse. Ndikapempha mukane, ndikalira mukane, ndikakuuzani kuti mwana wanga simumutenga mukanebe. Mwamva?"

"Ndamva, bambo."

"Weramitsani mutu."

Kumeta kumeneko kunatenga nthawi yoti munthu akanapita pakati pa nyanja n'kubwerako. Thukuta la a Lumo linkagwera pansalu. Kunkhongo kunayenda bwino, mbali yakumanja inapiririka. Atafika kumanzere dzanja linadumpha, makina analira mwachilendo, ndipo tsitsi lochuluka linagwera paphewa.

"Aphunzitsi."

"Bambo?"

"Tandipatsani kaja. Ndingonunkhiza."

"Pepani bambo, ayi."

"Ndine apongozi anu ine!"

"N'chifukwa chake, bambo."

Wopalasa bwato anaseka mpaka kukhala pansi. A Lumo anapuma mozama, n'kubwerera pamutu paja. Pofuna kukonza chigambacho anachikulitsa, pofuna kuwongola mzere wa pamphumi anaukweza mbali imodzi, moti mkamwini ankaoneka ngati munthu wodabwa ndi diso limodzi. Atazimitsa makina, a Lumo sanafune n'komwe kutenga kagalasi koonera kunkhongo. Pa moyo wawo wonse anali asanachitepo manyazi otere ndi ntchito ya manja awo.

"Palibe kuchitira mwina, mwanangu. Timete mpala. Mutu wanu ndi wozungulira bwino, anthu aziti ndi sitayilo."

Mphunzitsi anadziyang'ana nthawi yaitali. Anatembenuzira mutu uku ndi uku. Kenaka anatulutsa dzanja pansi pa nsalu, n'kubwezera wopalasa bwato kabotolo kake pazenera, chitsekerero chili chosatsegula.

"Usiyeni choncho, bambo. Mungondibwereka chipewa."

M'mawa mwake pakhomo la tchalitchi panali abambo awiri a majekete. Amalume anaima kumanja, a Lumo kumanzere, onse akuyang'ana kumsewu ngati sakuonana. Galimoto itafika, mkwatibwi anatsika, anakonza chovala chake, n'kuyang'ana bambo ake kuyambira kunsapato mpaka kumaso. Sanawanunkhize. Nkhope yake inali yotseka, ndipo a Lumo anaona kuti mwanayo akufuna kukhulupirira koma akuopa kupusitsidwanso.

"Ababa, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, mama."

Zambiri sananene, chifukwa malumbiro onse anali atawatha kale zaka zam'mbuyomo. Amalume anakonza tayi n'kusendera pafupi. Mkwatibwi anasuzumira m'tchalitchi kuti aone ngati zonse zakonzeka, ndipo nthawi yomweyo mkwati, amene anaima kutsogolo atafulatira khomo, anavula chipewa.

Tchalitchi chonse chinapuma kamodzi. Wina kumbuyo analephera kudzigwira, ana a sukulu anabisa nkhope m'malaya, mayi a mkwati anaphimba kumaso ndi kabuku ka nyimbo. Chigambacho chinkaoneka kuchokera pakhomo, choyera, chachikulu, chopendekera kukhutu lamanzere, ndipo pamabenchi apakati panali mitu ina ingapo yofanana nacho, eni ake atakhala mowongoka ngati abale a mkwati.

Mwana wokulira m'kashopu ka ometa sanafunikire womufotokozera. Anadziwa mmene mutu umenewo ukanaonekera bambo ake akanapisa kuseri kwa galasi. Anayamba kuseka, kuseka kunasanduka kulira, azakhali n'kuthamanga ndi kansalu kuti asawononge zodzola.

"Ababa, mwandiwonongera mwamuna."

"Ndamuwononga, mama. Ndinayesetsa, koma ndamuwononga."

"Pa zithunzi zonse akhala chonchi, mpaka adzukulu anu adzaona."

"Adzaona."

Anapukuta misozi, n'kutembenukira kwa amalume. "Amalume, zikomo kwambiri, kakhaleni kutsogolo pafupi ndi amayi." Kenaka anatambasula dzanja. La a Lumo linkanjenjemera kuposa dzulo, moti maluwa a mkwatibwi anayamba kugwedezeka nawo. Iwo anafuna kulibweza kuti alibise m'thumba, koma mwanayo analigwira zolimba ndi manja onse awiri.

"Lisiyeni lizinjenjemera, ababa. Tiyeni."